Chikole Chinabwera M'sutikesi

Pa esiteti ya tiyi ya m'tsinde mwa phiri la Thyolo, aliyense ankadziwa kuti Douglas, mwana wa kalaliki wamkulu a Malizani, wapereka chikole kwa Alesi wa m'malayini, m'nyumba za antchito wamba. Chikolecho chinali chitenje chobiriwira cha mbalame zachikasu, ndipo Alesi ankachivala ngati kuti zitenje zina zonse zinapsera m'sitolo. Kutchalitchi chomwecho, kumsika chomwecho, ngakhale pamwamba pa yunifolomu yake kunyumba kwa bwana, kumene ankalera Hazel, mwana wa mzunguyo, chomwecho. Omuseka ankangotaya malovu awo, chifukwa mwambo unali wodziwika: mtsikana akasunga chikole ndiye kuti walola, chikole chikabwerera kwawo kwa mnyamata ndiye kuti wakana, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Amene ankapempherera kuti chitenjecho chibwerere anali makolo a Douglas. A Malizani, mkulu wa mpingo wosaseka ndi munthu, ankati mwana wawo sangakwatire Mlomwe wa m'malayini, mwana wa mayi wothyola tiyi. Akazi awo, a Nambewe, anali atamusankhira kale Mildred, mphunzitsi wa ku Makwasa, mtsikana wa nsapato zagogoda amene ankadziwa bwino njira ya kukhitchini kwa apongozi asanamufunsire n'komwe.

*

Tsiku loti mawa lake ndi ulendo wa Alesi wa pa ndege, Douglas anaimika lole ya esiteti pansi pa mabulugamu n'kudikira Alesi.

"Wamva kuti bambo akukwera ndege yomweyo?" anafunsa Douglas.

"Ndamva. Dona akuti bwana walamula kuti akawachotse ng'ala m'maso kwa dokotala wa ku Halale. Ine ndikupita ndi dona kukalera Hazel basi."

"Ndiye tamvera. Usawayandikire, usawayang'ane kumaso. Akakufunsa kanthu, uziyankha utagwada."

"M'ndege amagwadamo, a Douglas?"

"Usandiseke, Alesi. Bambo akungofuna kachifukwa. Malume a Jonas alonjeza kuti bambo akabwerako, chikole chikadali kwa iwe, iwo apita kukaonana ndi malume ako, bambo afune asafune. Koma ukangolakwitsa pang'ono, malume sadzakhala ndi pogwira." Kenako anaonjezera motsitsa mawu, "Mildred anabweranso dzulo. Wawagulira bambo tayi ya paulendo."

"Tayi ndi ya bambo, si yanu. Ngati akufuna, akwatiwe ndi bambowo."

Douglas anaseka mpaka kugwira chitseko cha lole. Alesi sanaseke. Anamanga bwino mfundo ya chitenje chake m'chiuno.

"Ichi sichichoka pa ine, a Douglas. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa."

*

Koma azungu pokhazika anthu m'mipando sadziwa za upongozi. Pa Chileka, mtsikana wachizungu wogwira ntchito m'ndegemo, amene ankamutcha hositesi, anangoona anthu akuda awiri n'kuwatengera kumipando yakumbuyo, phewa ndi phewa. Dona anakhala kutsogolo atanyamula Hazel, amene anali atagona.

Alesi anadzipanikiza kuwindo kuti ngakhale chigongono chisakhudze suti ya a Malizani. Mkuluyo anakhala mowongoka ngati ali paguwa, tayi ya Mildred itamangidwa mpaka pakholingo.

"Ndiwe mtsikana wa m'malayini uja?" anafunsa osatembenuka, poti maso awowo ankangoona zithunzithunzi.

"Ndine, bambo."

"Hm."

Kucheza kwawo konse kunali komweko. Ndege inathamanga, inanyamuka, mitengo inachepa, mitambo inatsala pansi. Alesi mantha anali nawo, koma anakumbukira zomwe dona anamufotokozera, kuti kumwamba kumene ndege zazikuluzi zimauluka mpweya ndi wochepa, munthu sangapume, ndiye makina amapopera mpweya m'kati n'kuutsekera momwemo, ngati mmene amapopera tayala la njinga. Iye anadzifunsa kuti nanga tayala likaphulika, koma anaona kuti limeneli si funso lofunsa uli m'mwamba.

Hositesi anali atangoyamba kugawa tiyi pamene kunamveka chiphokoso cha phuu chakumbuyo kwenikweni, kufupi ndi chitseko. Mphepo inakokera chilichonse kumeneko, manyuzipepala, timapepala ta masiwiti, chipewa cha mzungu wina. M'ndege monse munadzaza nkhungu yoyera yozizira ngati ya chiperoni, ndipo Alesi anamva ngati wina wamulowetsa misomali m'makutu onse awiri.

Mawu a woyendetsa ndege anamveka kuchokera kudenga, odekha ngati akuwerenga chilengezo cha kutchalitchi. Anati mpweya wa m'kati wathawa, aliyense amange lamba, azimitse fodya, akhale pomwe ali, chifukwa akuitsitsa ndege mofulumira kukafika pamene munthu angapume. Asanamalize n'komwe, ndegeyo inazyolika. Makapu anagubuduka kulowera kutsogolo. Azimayi anakuwa. Hazel analira mokweza, ndipo Alesi atamva kulirako mtima unakhala pansi pang'ono, chifukwa mwana wolira ndiye kuti akupuma.

Chodabwitsa chinali a Malizani. Anayamba kuseka. Munthu amene anthu a pa esiteti anali asanaonepo mano ake ankaseka chikhakhali, akuloza nkhungu ija ndi chala. Kenako kusekako kunazilala, milomo inatuwa, mutu unagwera pachifuwa, ndipo tayi ija inawakanyanga pakhosi.

Hositesi anafika akudzikoka ndi mipando, kumaso atavala chigoba cha labala, m'manja atanyamula mabotolo achitsulo a mpweya. Anaponya limodzi pamiyendo pa Alesi, anatsegula kampopi kake, n'kumuika chigoba pamphuno.

"Yamba iwe, upume kwambiri. Ukakomoka sumuthandiza. Kenako iwowo. Uwamasule pakhosi, uwadzutse mutu, chigoba chisachoke. Ine ndili ndi ena kutsogoloku."

Alesi anapuma. M'maso, momwe munali mutayamba kuda, munayera. Anayang'ana a Malizani, ndipo mawu a Douglas anamubwerera: usawayandikire, usawayang'ane kumaso. Manja ake anaima m'malere. Mtsikana woleredwa bwino sakhudza bambo wa mwamuna wake, sawapatsa ngakhale madzi m'manja, amaika pansi n'kubwerera chafutambuyo. Koma mtsikana woleredwa bwinoyo akanafika ku Halale atakhala pambali pa mtembo.

Anagwira tayi ya Mildred n'kuikoka mpaka mfundo inamasuka. Anadula batani la kolala. Anawagwira chibwano n'kuwadzutsa mutu, n'kuwaphimba mphuno ndi pakamwa ndi chigoba chija. Mpweya utangowalowa, mkuluyo anatsitsimuka pang'ono n'kuyamba kulimbana naye, akukankha chigobacho ngati akumupha.

"Choka, choka iwe…"

"Sindichoka, bambo. Pumani."

Anawamenya dzanja lomwe linkakankhalo, anawakolekera mutu m'khwapa mwake ngati mwana wokana kwinini, n'kukanikiza chigobacho. Mutu wake ukayamba kuzungulira ankalanda chigoba, kupuma kawiri, n'kuwabwezera. Makutu ankamuwawa mpaka misozi, ndege inkanjenjemera ikutsika, koma iye sanawataye.

Kenako mphuno ya ndege inadzuka. Pawindo panaoneka mtsinje wa Zambezi uli pafupi, ndi timidzi, ndi utsi wa anthu otentha tchire. Woyendetsa uja analengeza kuti tsopano aliyense angathe kupuma bwinobwino, ndipo apitiriza ulendo chapansipansi mpaka ku Halale. Azungu ena anaomba m'manja, ena ankasanza m'timatumba.

Alesi anachotsa mkono wake msangamsanga n'kubwerera kuwindo. A Malizani anatsegula maso, anapuma mozama, kenako anauma thupi lonse. Dzanja lawo linatsikira pathalauza. Alesi anaona zomwe dzanjalo linapeza. Thalauza la suti yotuwa linali litanyowa kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, ndipo sanali tiyi.

Mkulu wa mpingo, kalaliki wamkulu, munthu woti akadutsa m'malayini amuna amavula zipewa. Alesi anawamvera chisoni chomwe sanayembekezere. Hositesi anali akubwera, akufunsa aliyense ngati ali bwino, ndipo panalibe nthawi yoganiza. Alesi anamasula mfundo ya m'chiuno mwake, anavula chitenje chobiriwira chija, n'kuwafunditsa kuyambira pamimba mpaka kumapazi.

"Akumva kuzizira," anamuuza hositesi, ndipo hositesiyo anagwedeza mutu n'kupitirira.

A Malizani anagwira chitenjecho ndi manja onse awiri. Atayankhula, mawu awo anali aang'ono.

"Mwana iwe. Umapemphera?"

"Eya, bambo."

"Lumbira kuti zimene waona muno sudzauza munthu. Ngakhale Douglas."

"Ndalumbira, bambo. Pali Mulungu."

Potsika ku Halale, mkuluyo anayenda atadzikulunga chitenjecho m'chiuno ngati wodwala malungo, ndipo galimoto ya chipatala inawatenga pomwepo. Alesi anaima ndi yunifolomu yokha, Hazel ali m'manja, akuyang'ana mbalame zachikasu zija zikulowa m'galimoto. Anadziuza kuti munthu amene wamupulumutsa moyo sangakuiwale. Apa ndiye anali mwana ndithu, sankadziwa kuti pali anthu amene angakukhululukire chipongwe koma osakukhululukira chifundo.

*

Alesi ndi dona anabwerako msanga, a Malizani anatsala m'chipatala. Nkhani ya ndege inali itafika kale pa esiteti, ndipo Douglas atamuona anamugwira manja onse awiri pamaso pa anthu, osasamala. Kenako maso ake anatsikira m'chiuno.

"Chitenje chili kuti?"

"Chili pabwino."

"Pabwino pake pati? Unati sichichoka pa iwe."

"A Douglas, ndikhulupirireni. Chibwera."

Douglas anamusiya manja pang'onopang'ono. Sanakalipe, koma tsiku limenelo sanamuperekeze.

Loweruka lake kusitolo ya esiteti Alesi anakumana ndi Mildred, atanyamula dengu la a Nambewe ngati mtengwa kale.

"Abale, a Alesi, mwabwerako kumwamba? Tinamva kuti munatsala pang'ono kukhala angelo." Mildred anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma ku Halale ndi kodabwitsa. Munthu amapita ndi chitenje, n'kubwerako alibe. Mwina kunatentha."

"Kunazizira, aphunzitsi," anayankha Alesi. "Koma tayi yanu ija muzimanga momasula. Imakanyanga."

Mildred sanamvetse, ndipo Alesi anadziluma lilime, poti anatsala pang'ono kupitirira malire a lumbiro lake.

*

A Malizani anabwerera pa sitima. Za ndege anakana kwamtuwagalu. Alesi anamva kuti afika, maso awo akuona bwino ndi magalasi atsopano, ndipo anadikira kuti amutumizira kamtolo mwakachetechete. M'malo mwa kamtolo kunabwera Douglas, masana dzuwa lili paliwombo, kuseri kwa khitchini ya bwana. M'manja mwake munali chitenje chobiriwira, chochapidwa bwino, chositidwa, chopindidwa mwaulemu.

Alesi anamwetulira n'kutambasula manja, koma nkhope ya Douglas inamubweza.

"Amayi achipeza m'sutikesi mwa bambo, pansi pa malaya," anatero Douglas. "Awafunsa kuti chikole cha mwana wawo chikutani mmenemo. Bambo anangoti, mwadzionera nokha. Amayi alulutira mpaka anthu kutuluka m'nyumba. Akuti wabweza chikole, Alesi. Akuti unaopa kundiuza pamaso, ndiye unapatsira bambo."

"Si zoona."

"Ndiye anachita kukulanda?"

"Ayi."

"Unawapatsa wekha, ndi manja ako?"

"Eya."

"Chifukwa chiyani?"

Yankho linali pakamwa penipeni, lalifupi, loti likanathetsa zonse. Akanangonena, Douglas akanaseka kapena kulira, ndipo pofika madzulo esiteti yonse ikanadziwa kuti kalaliki wamkulu anadzinyowetsa ngati khanda pamaso pa mwana wa m'malayini. Koma iye anali atatchula Mulungu ali pakati pa thambo ndi dziko, ndipo Mulunguyo anamutsitsa wamoyo.

"Sindinganene. Ndinalumbira."

"Kulumbira kwa yani?"

"Kafunseni bambo anu."

"Ndawafunsa. Akuti alibe mawu ndi mtsikana amene wakana mwana wawo." Douglas anayang'ana chitenjecho. "Malume a Jonas afika kunyumba. Amayi akuti Loweruka apite ku Makwasa, kwa akwawo a Mildred. Ine ndimakukonda, Alesi, koma ndiwauza chiyani anthu? Kuti chitenje chinalowa chokha m'sutikesi?"

Alesi anapsa mtima. Analanda chitenjecho m'manja mwa Douglas, anachikutumula, n'kuchimanga m'chiuno. Mfundo yake anaikoka mpaka inamupweteka.

"Tiyeni kwanu."

"Alesi, mtsikana sapita yekha kwa…"

"Ndakwerapo ndege yophulika, a Douglas. Khonde la bambo anu silingandiopse."

*

Pakhonde la nyumba ya njerwa ya kalaliki wamkulu panali a Malizani pampando wa ndalema, a Jonas pambali pawo, ndi a Nambewe pamkeka. Mildred anali akuthira tiyi m'makapu. Onse anasiya zomwe ankachita ataona chitenje chobiriwira chikubwera m'njira ya pakati pa tiyi, Douglas akutsatira m'mbuyo.

Alesi anagwada pabwalo, patali ndithu, monga mwa ulemu. Anaomba m'manja mofatsa n'kupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa Mildred.

"Manyazi ulibe?" anatero a Nambewe. "Chinthu unabweza wekha, wachivalanso?"

"Dikirani, achemwali," anatero a Jonas, munthu wonenepa wosapupuluma. "Ine ndine mwini mbumba, ndipo sindingapite ku Makwasa nkhani ili mbuu. Mtsikana iwe, chikole unabweza?"

"Sindinabweze, malume."

"Nanga chinapezeka bwanji m'sutikesi mwa alamu angawa?"

"Ndinawapatsa ndine. Chifukwa chake ndinalumbira kuti sindidzanena, ndipo sindinena, ngakhale mundithamangitse. Amene angamasule lumbirolo ndi amene anandilumbiritsa."

A Jonas anatembenukira kwa a Malizani. "Alamu, mwamva. Munali awiri m'ndegemo. Inu ndinu mkulu wa mpingo, mawu anu ine ndiwatenga. Chikolechi chinabwezedwa kapena ayi?"

Apa Alesi anachita chimene Douglas anamuletsa. Anadzutsa mutu n'kuwayang'ana a Malizani kumaso. Maso atsopano aja anamuona bwinobwino kwa nthawi yoyamba, mtsikana amene anawakolekera m'khwapa, amene anawamenya dzanja, amene anawafunditsa. Akanakhala mtengwa wawo, akanamuona tsiku lililonse akuwagwadira ndi beseni la madzi, iye akudziwa chinsinsi chawo. A Malizani anaika kapu yawo pansi, anavula magalasi, n'kuyang'ana kuphiri.

"Chinabwezedwa," anatero.

A Nambewe anaomba m'manja kamodzi. Mildred anaweramitsa mutu kuti abise mano. A Jonas anapuma mozama n'kunena kuti basi, Loweruka alawirira ku Makwasa.

Alesi misozi inamulengeza, koma sanailole kugwa pabwalo limenelo. Anamva kuwawa kuposa kwa makutu kuja. Anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kugwira mfundo ya chitenje chake.

"Chikole chobwezedwa sichivalidwa, malume, ndipo ine ndavala. Amene akuti ndinabweza abwere adzandivule yekha." Kenako anatembenukira kwa mkulu uja, mawu ake ali ofatsa. "Bambo, langa lumbiro ndasunga. Mawa m'mawa mundipeza ndagwada pompano, mkuja chimodzimodzi, mpaka Loweruka. Sindidzanena kanthu. Muzingondiona ndi maso anu atsopanowo."

Anatembenuka n'kuyamba kutsika njira ya m'tiyi. Kumbuyo kwake anamva a Nambewe akuitana Douglas kuti akhale pansi amwe tiyi amene Mildred wamuthirira. Sanacheuke kuti aone ngati wakhala. Anangomva mawu a Douglas, otsika, akufunsa funso limene panalibe amene analifunsa chibwerereni a Malizani.

"Bambo, pa sitima munabwerera chifukwa chiyani? M'ndege muja munachitika chiyani?"

"Ukandifunsanso zimenezo," anayankha a Malizani, "ukasake bambo wina."